Chingwe chimene mwapachikapo moyo wanu musamatsitsire nthambi

Wowerenga wina wa ku Zomba walemba kuti: "Ndimadula ndi kusadza mitengo m'makomo mwa anthu. Ndili ndi chainsaw. Pokwera ndimadzimanga m'chiuno ndi chingwe cha buluu chimene ndidagula ku hadiweya, ndipo chomwecho ndimatsitsiranso nthambi kuti zisagwere malata. Mkulu wanga amene ali ku Johannesburg akufuna kundigulira zida. Komanso pa kaunjika ndaonapo chingwe cha anthu okwera mapiri, chotsika mtengo. Ndisankhe chiti?"

Achimwene, m'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene chandisowetsa mtendere, chakuti chingwe chokwerera ndi chomwechonso chotsitsira nthambi. Ngakhale mutaiwala zina zonse zimene ndilembe pano, ichi chokha musiye lero. Munthu wogwira ntchito mumtengo amakhala ndi zingwe za mitundu iwiri zosabwerekana ntchito. China ndi chonyamula munthu, china ndi chonyamula mtengo. Chingwe chikangotsitsa chipika ngakhale kamodzi, chachoka m'gulu la zonyamula munthu ndipo sichibwereranso.

Chifukwa chake ndi kulemera. Chipika cha bulugamu wamuwisi chotalika mita imodzi, cha masentimita 30 m'mimba mwake, chimalemera makilogalamu pafupifupi 70, ngati thumba ndi theka la chimanga. Chikangolendewera bwinobwino, katundu wake ndi womwewo. Koma mukachidula chimayamba chagwa kaye chingwe chisanachigwire, ndipo kugwedeza kwa nthawi imeneyo kumaposa kulemera kwa chipikacho kangapo. Ulusi wa m'kati umakokeka mopyola muyezo, wina umaduka, wina umapsa pokhuzana ndi khungwa. Kunja chingwe chimaoneka chabwinobwino. Mawa lake inu mukudzimangirira pomwepo, mamita 15 pamwamba pa mpanda wa njerwa wa mwini nyumba.

Tsono chingwe cha buluu chija. Nthawi zambiri chimakhala cha polypropylene, chopota nkhosi zitatu. Ndi chabwino pomanga katundu pa lole, potunga madzi pachitsime kapena pomangirira ng'ombe, chifukwa ndi chopepuka ndipo chimayandama pamadzi. Pokwerera chili ndi zilema zitatu zoopsa. Dzuwa limachidya msanga: pindani chimene muli nachocho mutsegule nkhosi zake, mukaona ufa woyera kapena tiulusi tothothoka, dziwani kuti mphamvu yake idapita kale. Chachiwiri, chimasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 165, pamene polyester, amene amapangira zingwe zenizeni zokwerera mitengo, amafika cha m'ma 250. Chingwe chothamanga pa mphanda ya mtengo chitanyamula munthu chimatentha kwambiri, kuposa m'mene ambiri amaganizira. Chachitatu, ndi choterera komanso chouma, choncho mfundo zimamasuka zokha. Ndipo palibe fakitale imene idachiyesa ndi cholinga choti pakhale munthu.

Kudzimanga chingwe m'chiuno nakonso ndi vuto palokha. Mukaterereka n'kulendewera, chingwecho chimakwera kufika m'nthiti n'kufinya chifuwa. Munthu amalephera kupuma m'mphindi zochepa chabe, ngakhale asanavulale pena paliponse. Pamafunika hanesi, lamba uja wokhala ndi malo olowetsa miyendo, kuti thupi lizikhala ngati lili pampando. Ya ntchito ya mitengo imakhala ndi chizindikiro cha muyezo wa ku Ulaya wa EN 813, ndipo mphete za m'mbali zomangirapo kachingwe kozunguliza thunthu zimayendera EN 358. Hanesi ya omanga nyumba, ija yokolekera kumsana, idapangidwira kugwira munthu amene wagwa. Siyoti muzigwira ntchito mutakhalamo tsiku lonse.

Chingwe cha pa kaunjika chisiyeni, ndipo ndili ndi zifukwa ziwiri. Anthu okwera matanthwe, monga aja amakwera Chambe ku Mulanje, amayembekezera kugwa, choncho chingwe chawo chidapangidwa kuti chizitamuka ngati mphira, chichepetse kugwedezeka kwa thupi. Chizindikiro chake ndi EN 892. Pathanthwe losalala kutamukako kumapulumutsa. Mumtengo m'munsi mwanu muli nthambi, zitsa za nthambi zimene mwadula kale, denga ndi mpanda, ndiye chingwe chikatamuka mumakamenya zimenezo. Komanso pokwera mumataya mphamvu, chifukwa mukakoka, gawo la mphamvuyo limathera m'kutamuka. Chifukwa chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyamba: simukudziwa kumene chingwecho chadutsa. Mwina mwini wake adachitaya chitagwira munthu pa ngozi yaikulu. Mwina chidakhala m'buti ya galimoto pafupi ndi batire. Asidi wa batire amadya nayiloni mwakachetechete, osasiya chizindikiro chooneka ndi maso, ndipo chingwe chotero chingathe kuduka pa kulemera kwa munthu mmodzi. Zovala ndi nsapato za pa kaunjika tonse timavala. Chingwe chonyamula munthu, hanesi ndi makarabina (ngowe zachitsulo zotseka, zolumikizira chingwe ku hanesi) zikhale zatsopano, mbiri yake iyambire m'manja mwanu.

Chimene muwauze akulu anu ku Johannesburg ndi ichi. Apite kusitolo yogulitsa zida za anthu ogwira ntchito m'mwamba kapena za osamalira mitengo, akafunse chingwe chokwerera mitengo chokhala ndi chizindikiro cha EN 1891 Type A. Muyezo umenewu ndi wa ku Ulaya. Umalamula kuti chingwe chisaduke chisanafike pa mphamvu ya 22 kN, ndiko kunena makilogalamu pafupifupi 2,200, ndipo chisatamuke kuposa magawo 5 pa 100 alionse katundu akakwera kuchoka pa makilogalamu 50 kufika 150. Type B ndi yofooka pang'ono, 18 kN, imeneyo ayi. Zingwe zina zochokera ku America zimayendera muyezo wawo wa ANSI Z133, umene umafuna mphamvu yonyamula katundu wolemera mapaundi 5,400, pafupifupi 24 kN. Zimenezonso ndi zabwino. Makampani odziwika pa zingwezi ndi monga Teufelberger, Marlow, Samson, Yale Cordage ndi Petzl. Sindikukusankhirani kampani, ndangotchula kuti akulu anu akakumana ndi mainawa adziwe kuti afika pamalo oyenera.

Mwina mukufunsa kuti munthu wa makilogalamu 70 afuniranji chingwe cha matani awiri. Mfundo iliyonse imene mwamanga imachotsa mphamvu ya chingwe, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina mpaka theka. Dzuwa, mchenga ndi kukhuzika zimachotsanso zawo mwezi ndi mwezi. Kenako pali kugwedezeka mukaterereka. Zonsezi mukazichotsera, matani awiri aja satsala ochuluka.

Zingwe zachinyengo zachuluka, makamaka zogula pa intaneti pa mtengo wotsika modabwitsa. Chenicheni chimabwera ndi kabuku ka malangizo, nambala yake ndi chaka chimene chidapangidwa. Pambali pa zilembo za CE, zosonyeza kuti chikutsata malamulo a ku Ulaya, pamakhala manambala anayi osonyeza bungwe limene lidachiyesa. Ndipo chingwe cha EN 1891 mukachidula kunsonga, m'kati mumapeza kariboni kakang'ono kolembedwa dzina la kampani, muyezo ndi chaka. Akulu anu asachite manyazi kufunsa zimenezi.

Pa kukula kwake, kwa inu amene mukungoyamba kukwera ndi zida, ndingakonde cha mamilimita 12 kapena 13, choluka ndi nkhosi 16. Chimagwirika bwino m'manja, chimapirira khungwa lokhakhala la mango ndi mbawa, ndipo mphamvu yake yambiri ili m'khungu lake lakunja, choncho chikawonongeka mumaona ndi maso. Zopyapyala za mamilimita 11, zoluka ndi nkhosi 24 kapena kuposa, ndi zopepuka ndipo zimayenda bwino m'zipangizo zachitsulo zokwerera, koma zimenezo mudzazifuna m'tsogolo. Mtundu ukhale wowala, wachikasu kapena wa lalanje, kuti muzichiona pakati pa masamba pamene sowo ikulira. Chotsitsira nthambi chikhale cha mtundu wina, kuti ngakhale mnyamata wa ganyu amene wabwera lero asasokoneze.

Kutalika kumadalira kakweredwe. Njira yophweka, imene ndikufuna muyambe nayo, ndi yoti chingwe chikwera kukadutsa pa mphanda n'kubwerera kwa inu. Nsonga imodzi mumaimanga ku hanesi, mbali inayo mumaigwira ndi mfundo yoyenda. Ndiye kuti chingwe chiyenera kutalika kawiri kutalika kwa mtengo, ndi kotsalako pang'ono. Mamita 45 amakwanira mango, jakaranda ndi malaina ambiri a m'makomo. Mabulugamu aatali a ku Zomba, aja ofika mamita 25 kapena 30, amafuna mamita 60 kapena kuposa. Kunsonga ya pansi muzimanga mfundo yotsekera nthawi zonse. Anthu odziwa bwino ntchito agwapo chifukwa chingwe chidatha iwo akali m'mwamba, nsonga n'kupulumuka m'mfundo.

Mfundo yoyenda ndiyo mtima wa kakweredwe konse. Mukaikankha ndi dzanja imayenda, mukaisiya n'kukhalira imaluma chingwe. Yakale kwambiri ndi Prusik, imene idatchedwa dzina la Karl Prusik wa ku Austria, amene adaifalitsa mu 1931. Okwera mitengo ambiri amayambira pa Blake's hitch, chifukwa imatheka ndi chingwe cha kukula kofanana ndi chokwerera. Ena amagwiritsa ntchito kachingwe kapadera ka mamilimita 8 mpaka 10, kopangidwa ndi ulusi wosapsa msanga monga Technora. Kachingwe kameneka ndiko kamatha msanga pa zida zonse, choncho muzikhala ndi kena kosungira. Mfundo siziphunziridwa pa kalata ngati ino. Pezani munthu wodziwa akugwireni dzanja, kenako yesererani pa nthambi ya mamita awiri okha, masiku angapo, mpaka muzimanga mutatsinzina. Potsika muzitsika pang'onopang'ono. Kutsika mothamanga kumawotcha mfundo, ndipo mudzaona chingwe chitachita gwaa n'kumanyezimira ngati pulasitiki wopsa.

Pali nkhani ina imene ndimaiumirira kwa aliyense amene ndamuphunzitsa: chainsaw isalire muli pa chingwe chimodzi. Chingwe chokokeka ndi kulemera kwa munthu chimaduka m'kuphethira kwa diso tcheni ikangochikhudza. Ngakhale sowo ya manja imachidula mosavuta. Ine zidandichitikira ndili mnyamata pa ntchitoyi. Ndinali nditatopa, dzuwa litapendeka, ndipo ndinkafuna kumaliza nthambi imodzi yotsala. Nsonga ya sowo idakhudza kachingwe kanga kozunguliza thunthu, ndipo ndidangomva thupi likupita chammbali. Chimene chidandigwira ndi chingwe chachikulu chimene chinali pa mphanda ya pamwamba. Ndidatsika manja akunjenjemera, ndipo mpaka lero sindiyatsa sowo ndisanayang'ane kumene zingwe zanga zonse ziwiri zadutsa. Ku Britain nkhaniyi adailimbitsa: malangizo a chaka cha 2020 a bungwe la osamalira mitengo la Arboricultural Association amayembekezera wokwera kukhala pa zingwe ziwiri zomangidwa malo osiyana pa ntchito yonse, pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Inu yambani ndi ichi: podula, chingwe chachikulu chikhale pamwamba, kachingwe kachiwiri kazungulire thunthu kapena nthambi ina yolimba. Posamutsa chingwe kuchoka pa mphanda ina kupita pa ina, mangani kaye chachiwiri musanamasule choyamba.

Kachingwe kachiwirika kamakhala ka mamita atatu mpaka asanu. Kalipo kena kokhala ndi waya wachitsulo m'kati, kothandiza podula thunthu lopanda nthambi. Musakayese kosaduka, chainsaw yothamanga imadulanso komweko. Ndipo ka waya kasayandikire mawaya a magetsi. Kunena zoona, inuyo musayandikire n'komwe. Mawaya a ESCOM odutsa m'misewu ndi m'makomo ena amanyamula mavoti 11,000, ena 33,000, ndipo magetsi otere amalumpha musanawakhudze. Chingwe chonyowa kapena chakuda ndi utomoni chimadutsitsa magetsi, nthambi yaiwisi chimodzimodzi. Nthambi zikafika pafupi ndi mawaya, mwini nyumba akauze a ESCOM adzathimitse kaye. Akakana kudikira, ganyuyo isiyeni.

Chingwe cha matani awiri sichithandiza kanthu ngati mwachikoleka pa nthambi yowola. Apa ndi pamene kudziwa kwanu mitengo ya kwathu kuli ndi ntchito kuposa kabuku kalikonse kochokera kunja. Mapeyala ndi jakaranda zimathyoka mosachenjeza. Bulugamu amataya nthambi zooneka zamoyo. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungwa lili bwinobwino, ndiye muzigogoda thunthu ndi msana wa nkhwangwa, mumve ngati likulira ngati ng'oma. Chingwe chizidutsa pamwamba pa nthambi koma chitazungulira thunthu lenileni, kuti nthambiyo ikathyoka chigwe pa nthambi yotsatira m'malo mogwa nanu. Ine sindidalira nthambi yochepera masentimita 15 m'mimba mwake, ndipo pa mitengo yofewa ndimafuna yokulirapo. Musanakwere, lendewerani anthu awiri pa chingwecho muli pansi, maso ali m'mwamba. Mukafika kumwamba, musakwere kupitirira pamene chingwe chakolekedwa, ndipo chisalendewere chofooka kuposa theka la mita. Chingwe chosatamuka chimafuna kuti chizikhala chokungika nthawi zonse. Kugwa mita imodzi yokha pa chingwe chotere kungakuvulazeni msana. Poyenda kupita kunsonga ya nthambi kumbukirani za pusi uja adagwa chagada ndi ichi chakoma ichi chakoma: mukatalikira thunthu, mukaterereka mumabwerera ngati katungwe n'kukamenya thunthulo.

Pa mphanda muziika lamba wokhala ndi mphete ziwiri, woti chingwe chiziyenda m'mphetemo m'malo mokhuza khungwa. Amatalikitsa moyo wa chingwe, amapeputsa kukwera, komanso amateteza mtengo ngati mukungousadza. Makarabina akhale odzitseka okha, ofuna kusuntha katatu kuti atseguke, a muyezo wa EN 362. Aja opachikira makiyi, olembedwa kuti si okwerera, musawayerekeze n'komwe.

Chotsitsira nthambi ndinene mwachidule. Chikhale cha polyester, cha mamilimita 12 mpaka 16, ndipo musachisenzetse kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yolembedwa pa chizindikiro chake. Dulani zidutswa zing'onozing'ono ngakhale ntchito ichedwe. Wapansi azungulize chingwe pa thunthu kuti chizimuthandiza kugwira, alole chipika chiyende pang'ono asanachiimitse, ndipo asakulunge chingwe kudzanja kapena m'chiuno mwake.

Kasamalidwe ndi komwe ambiri timalephera. Tsiku lililonse musanakwere, dutsitsani chingwe chonse m'manja kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Zala zimamva zimene maso saona: pamene paphwa, pamene patupa, pamene pauma. Tiubweya tating'ono ndi kutha kwa masiku onse. Koma mukapeza nkhosi zoduka, malo opsa kapena ulusi wa m'kati ukuonekera, dulani gawo limenelo ngati lili kufupi ndi nsonga. Ngati lili pakati, chingwe chapuma ntchito. Chingwe chimene chagwira munthu pa kugwa kwakukulu, kapena chimene wina wakokera galimoto yotitimira m'matope, nachonso chapuma. Chiduleni zidutswazidutswa, kuti wina asadzachitole n'kukwera nacho. Musachiponde, pakuti mchenga ukalowa umacheka ulusi m'kati. Muzichisunga m'thumba lakelake, kutali ndi petulo, oilo wa tcheni, mabatire, feteleza ndi makoswe. Chikada, chapani ndi madzi ozizira ndi sopo wofewa, wopanda mankhwala oyeretsa, n'kuchiyanika pamthunzi. Makampani ambiri amati ngakhale chosagwiritsidwa ntchito chisapitirire zaka khumi kuchokera pamene chidapangidwa, koma chogwira ntchito tsiku ndi tsiku chingathe kutha m'chaka chimodzi. Ku Britain lamulo la LOLER la 1998 limafuna kuti zida zonyamula munthu ziziyesedwa ndi munthu wodziwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, n'kulemba zotsatira. Inu gulani kope la kusukulu, mulembe tsiku limene chingwe chayamba ntchito ndi chilichonse chachilendo chimene chachichitikira.

M'kalata yanu simunatchule amene amakhala pansi mukakwera. Munthu amene wakomoka ali lende mu hanesi, kaya wadzicheka, kaya njuchi kapena mavu zamuluma, ayenera kutsitsidwa msanga, chifukwa magazi amaunjikana m'miyendo ndipo angathe kufa akali pomwepo. Palibe ambulansi imene idzafike nthawi yake n'kukwera mumtengo. Wokutsitsani ndi mnzanu amene muli naye, choncho nayenso adziwe kukwera, akhale ndi hanesi ndi chingwe chake, ndipo muziyeserera limodzi kutsitsana pa mtengo waufupi. Pa hanesi yanu pakhale bandeji yaikulu yothina bala. Tsiku la mphepo ya mwera, kapena chiperoni chikanyowetsa makungwa, ntchito idikire.

Ndalama za akulu anu zikakhala zochepa, ayambe ndi hanesi, chingwe chokwerera cha mamita 45, kachingwe kozunguliza thunthu, makarabina anayi, chisoti chokhala ndi lamba wa pachibwano ndi sowo yabwino ya manja. Nthambi zambiri zimene mumadula ndi chainsaw muli m'mwamba zimatheka ndi sowo ya manja, ndipo ngozi yake ndi yochepa kwambiri. Chingwe chotsitsira ndi buluku loteteza miyendo ku tcheni zibwere ulendo wachiwiri. Kufikira buluku limenelo litafika, chainsaw izigwira ntchito pansi, mitengo itagwa kale. Chingwe cha buluu chija chisungeni chomangira nkhuni pa ngolo. Zida zikafika, mundilemberenso mundiuze zimene zalembedwa pa chizindikiro cha chingwecho, tionere limodzi musanakwere nacho.